Ng'ombe za Mufoni za Achimwene Matias

Achimwene anga a Matias anakhala ndi ng'ombe zisanu ndi ziwiri kwa zaka zinayi, ndipo palibe ngakhale imodzi imene inadyapo chimanga cha munthu. Sizinkafuna khola, sizinkapita kudibi, sizinkamwa madzi. Zinkakhala mufoni. Ine ndine Zeferina, mlongo wawo wamng'ono, ndipo khomo langa limayang'anizana ndi lawo kuno ku Malowera. Zimene ndikunenazi ndinaziona ndi maso angawa, zina ndinachita nawo, Mulungu andikhululukire.

Tinabadwa atatu: a Moisés, a Matias, kenako ine. Nkhondo itatipeza mu 1987 tinathawira ku Zambia, kumsasa wa Ukwimi, ndipo kumeneko tinakhala zaka zisanu ndi ziwiri. Malole atabwera kudzatenga ofuna kubwerera kwawo, a Moisés anakana kukwera. Anali atakwatira mayi wachinsenga, a Ilda, n'kulowa chikamwini kumudzi kwa mkaziyo chakufupi ndi Petauke. Tsiku lotsanzikana anthu ena ankakumbatirana n'kumalira. Achimwene anga awiri ankakangana pafupi ndi tayala la lole.

“Mukupita kukakumba mabomba ndi khasu,” anatero a Moisés. “Zaka ziwiri sizitha, mubwera kudzandipempha mchere.”

“Inu tsalani muzitumidwa ndi apongozi,” anayankha a Matias. “Mudzamva kuti Matias wamanga ya malata, zipinda zinayi, ng'ombe zili yakaliyakali pabwalo.”

Lole inanyamuka mawuwo ali m'malere, ndipo a Matias anawasenza zaka makumi atatu.

Ndisawanamizire, a Matias si aulesi. Ndi munthu amene tambala amamupeza ali kale kumunda. Analima thonje, mtengo unagwa. Analima mpendadzuwa, mbalame zinathokoza. Anapita kukakumba golide kufupi ndi Fingoe, anabwerako patatha miyezi isanu ndi chifuwa komanso kamwala konyezimira kamene wogula anangokayang'ana n'kukabweza. Anakonzapo njinga, anawetapo njuchi mpaka zinasamuka. Chaka china anagula malata atatu, n'kuwaimika kuseri kwa nyumba kuti adikire anzawo, koma mwana wawo Elsa atadwala malatawo anapita. Nyumba inakhalabe ya udzu, zipinda ziwiri, chitseko chomangidwa ndi mphira wa njinga. Ziweto zinali mbuzi zitatu ndi nkhuku zosawerengeka chifukwa sizinkakhazikika.

Kwa nthawi yaitali mtunda unkawabisa. M'kalata munthu amalemba zimene akufuna. Mafoni aang'ono atabwera zinali chimodzimodzi, a Moisés akafunsa za nyumba, a Matias ankangoti “tili mkati,” nkhani n'kupita kwa odwala ndi omwalira. Mavuto anayamba pamene Elsa, amene tsopano amagwira ntchito ku Tete, anawatumizira bambo ake foni yaikulu yojambula. Sabata isanathe a Moisés anatumiza uthenga pa watsapu: “Manje tumani chithunzi tione nyumba ija.”

Mufonimo Elsa anasiyamo kapulogalamu kokonzera zithunzi, kamene iyeyo ankasalalitsira nkhope yake. A Matias anamva kuti kamatha kudula chinthu pachithunzi china n'kuchimata pa china, ndipo maso awo anawala moti ine ndinadziwiratu kuti tikulowa m'mavuto. Anakhala pachulu cha m'mphepete mwa bwalo lawo, patsinde pa mango amene amayi anabzala, chifukwa ndi pokhapo pamene foni imagwira m'dera lathu lino. Anatsegula kapulogalamuko. Kasanachite chilichonse kanalemba mawu achipwitikizi, kupempha chilolezo choti kaone zithunzi zonse za mu galeriya, nkhokwe ija imene foni imasungiramo zimene wajambula.

A Matias anawerenga kawiri, milomo ikugwedera.

“Zefa, tamva izi. Wabwera lero lomwe, akufuna kale kuona kuchipinda. Zonse? Ndi ndani iyeyu, wa boma, wa administrasau?”

“Mano, ine ndidziwa bwanji? Mufunseni Elsa,” ndinatero, poti kuno achimwene timawaitana kuti mano, mwachipwitikizi.

“Ndimufunse mwana kuti ndilole mlendo m'nyumba mwanga?”

Anadina pokana. Kanafunsanso, anakananso, ndipo anadinanso pena pamene panati kasadzafunsenso. A Matias ndi munthu amene anaona nkhondo, ndipo aliyense wofuna kuona zonse amamukayikira, ngakhale namwino. Kapulogalamuko kanamvera. Kuyambira tsiku limenelo, akakatsegula kankangoonetsa poyera, popanda chithunzi n'chimodzi chomwe. Galeriya ili apa, iko kali apa, moyandikana pagalasi la foni, koma osapatsana moni.

Masiku atatu anavutika. Anazimitsa foni n'kuyatsa, anaigwedeza, anayesa kukoka chithunzi ndi chala kuti chidutse. Tsiku lachinayi ndinamva akufuula pachulu ngati apha njoka. Anali atapeza kuti chithunzi chikatumizidwa kwa munthu pa watsapu, pamabwera kamuvi, ndipo ukadina kamuviko pamatuluka mndandanda umene kokonzera zithunzi kaja kalimo. Ukadina pamenepo chithunzi chimalowa bwinobwino. Chotsala chinali kupeza munthu womutumizira amene sangaone.

Mufoni mwawo munali manambala awiri a a Moisés. Ina inali yatsopano. Ina inalembedwa kuti “Mano Yakale,” ndipo imeneyi a Moisés anali atanena kalekale kuti anasiya kuigwiritsa ntchito. A Matias anaisandutsa mlatho. Ulendo wa chithunzi chilichonse unkayenda chonchi: achijambule, achitumize ku nambala yakaleyo, achidine kamuvi kuti chilowe kokonzera, achikonze, achisunge, kenako achitumize ku nambala yeniyeni. Pansi pa chithunzi chopita ku nambala yakale pankabwera timizere tiwiri totuwa, tonga ta aphunzitsi akamachonga. Ndinawafunsa tanthauzo lake.

“Ndiye kuti chawoloka,” anatero. “Iwe zimenezi sungazimve.”

Elsa atamva pafoni kuti bambo ake amazungulira chonchi anaseka mpaka kutsamwa. Anati pali njira yodina kawiri kokha, angolola chilolezo chija basi. A Matias anamuuza kuti njira imene anailambula okha saisiya chifukwa cha mawu a mwana wa dzana. Elsa sanafunse kuti zithunzizo zimapita ku nambala ya ndani, ndipo ine sindinaganize zomuuza.

Tsopano chuma chinayamba kulowa. Denga analitenga pasukulu. Anapita Loweruka, ana kulibe, n'kulijambula mbali zonse. Ng'ombe anazitenga kwa a Ilídio a ku Chipera, amene anadabwa kuona munthu wapalasa njinga tsiku lonse kudzangogwada m'ndowe n'kumajambula. Njinga yamoto inali ya mkulu wa mpingo. Zonsezi ankazidula ndi chala chawo chachikulu chija, chala chimene chinazolowera mpini, choncho ng'ombe yoyamba inafika pabwalo ndi miyendo itatu. Yachiwiri inali yathunthu koma inaima m'malere, ziboda zili pamwamba pa mtondo. Pang'onopang'ono dzanja linazolowera. Panali ng'ombe ina yofiira ya nyanga yothyoka imene inadulika bwino kuposa zonse, ndiye anaimata katatu, ina anaitembenuza kuti iyang'ane kumadzulo. Padenga panatsalira kachidutswa ka mtengo wa mbendera, koma anati a Moisés aziyesa mlongoti wa wailesi.

Anthufe sanatisiye. Alamu anga a Eugénia, akazi awo, anawaveka mikono ya munthu wina yokhala ndi wotchi, ndipo kuyambira pamenepo mayiwo akaona foni ankalowa m'nyumba. Ine anandijambula ndikuchokera kudimba, wopanda nsapato, n'kundiveka nsapato za mphunzitsi wina wamkazi. Anandichotsanso makwinya onse, nkhope n'kukhala ngati dzira. Ndinakwiya, chifukwa makwinya amenewa ndinawagwirira ntchito. Koma nsapatozo zinandikhala, ndisaname, ndipo ndinapempha kuti ndizionenso kachiwiri.

A Moisés ankayankha chithunzi chilichonse mwaulemu. “Mulungu wakudalitsani, mwana wa amama.” Tsiku lina anafunsa kuti, “Iyo ya nyanga yothyoka inabadwa na anzake awiri tsiku limodzi?” Tsiku linanso anati, “Dzuwa la kwanu n'lamphamvu, mthunzi wa ng'ombe upita kwina, wa nyumba kwina.” A Matias ankandiwerengera mauthengawa akumwetulira.

“Wamva? Nsanje imeneyo. Zikuwawawa.”

Zinayenda choncho zaka zinayi. M'mudzi muno aliyense ankadziwa, ndipo anthu ankawapatsa moni wofunsa ngati ng'ombe zagona bwino. Iwo ankayankha kuti zagona bwino, osaseka. Ena anayamba kubwera ndi mafoni awo kuti nawonso awaikire denga lotumiza kwa abale, moti denga la sukulu yathu lafika kutali kuposa ana amene anaphunzira pansi pake.

Chaka chatha, mvula itangosiya, a Ilda anamwalira. Sitinathe kupita kumaliro chifukwa uthenga unatipeza ataikidwa kale. Patapita miyezi, abale a malemuwo anachita mwambo wawo n'kuwasudzula a Moisés. Mkamwini amakhala pamudzi chifukwa cha mkazi. Mkazi akapita, munda umabwerera kwa eni ake, nyumba imapeza mdzukulu woilowa, ndipo bambo amathokozedwa bwinobwino n'kuonetsedwa njira ya kwawo. Ana awo anabalalikira m'matauni, aliyense ndi mavuto ake. Munthu wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi awiri anatsala ndi chikwama.

Uthenga unabwera wa mawu, ndipo tinaumvera limodzi pachulu. Mawu a a Moisés anali atakalamba kuposa mmene ndinkawakumbukira.

“Matias, Zefa, nibwera kumudzi tikakolola. Sinifuna zambiri. Munipatseko chabe chipinda chimodzi, cha kumapeto, choyang'ana ku mango ya amama. Ng'ombe nizakuthandizani kudyetsa, miyendo ikali na mphamvu.”

Ine ndinalira ndi chimwemwe. Zaka makumi atatu ndakhala mbumba ya munthu amene ndimangomumva mawu, ndipo ndinkaopa kuti adzaikidwa kwa eni ngati mlendo. Nditapukuta misozi ndinaona kuti a Matias angoti kakasi, foni ili pabondo.

“Mano, auzeni zoona,” ndinatero. “Lero lomwe. Aseka, atukwana, kenako abwera.”

“Ndiwauze kuti chiyani? Kuti ananena zoona patayala paja?”

“Nanga akafika mudzawagoneka mufoni?”

M'mawa mwake anadzuka ndi nzeru, ndipo nzeru za a Matias zimandiopsa kuposa umbuli wawo. Anati popeza chumacho chinabwera pachithunzi, chichokenso pachithunzi. Ng'ombe zife.

Lachiwiri loyamba anajambula bwalo lopanda kanthu, monga mwa masiku onse, n'kuliwolotsa pamlatho wawo uja, n'kumatapo ng'ombe zisanu ndi imodzi. Analemba kuti kwagwa matenda a nkhupakupa. Lachiwiri lotsatira zinatsala zisanu. A Moisés ankapepesa maliro aliwonse. Itafa yachinayi analemba kuti, “Pepani. Koma matenda aya ali na ulemu, abwera Chiwiri chekacheka.” Zitatu za nyanga yothyoka zinafa tsiku limodzi, chifukwa nthawi yokolola inali itayandikira. Njinga yamoto inabedwa. Kenako kunabwera chimphepo, mwezi wa Meyi, kunja kuli zii, ndipo chinasasula nyumba ya a Matias yokha m'dera lonse. Malata ena anawapachika pa mango, lina analiika padenga la khola la mbuzi.

Pa chithunzi cha chimphepocho anafuna munthu wolira. A Eugénia anakana. Ine ndinavomera, ndipo ndikuchita manyazi polemba izi. Ndinaima pakhomo, manja kumutu, kukamwa yasa, kulirira malata a sukulu amene anali phee pamalo pake ana akuimba pansi pake. Ndinadziuza kuti ndikuthandiza kuti a Moisés abwere. Anandijambula kanayi chifukwa akuti sindinkaoneka wosweka mtima mokwanira.

Chuma chonse chitatha ndinaganiza kuti tapuma. Koma madzulo ena ndinawaona a Matias akuzungulira bwalo lawo, manja kumbuyo, akuyang'ana pansi. Anali atazindikira chimene mwana aliyense akanawauza. Pamene pakhala ng'ombe zisanu ndi ziwiri pamatsala khola, pamatsala ndowe, pamatsala fungo. Pamene panali nyumba ya zipinda zinayi pamatsala maziko. Apa panali nyumba ya udzu imene mwaye wake wokha unkanena zaka zake.

Sanandiuze chimene anachita kenako. Ndinachimva kwa a Eugénia patapita masiku awiri. A Matias anakwera pachulu n'kutumiza mawu ku nambala yeniyeni, kuti a Moisés asabwere chaka chino. Kuno kuli njala, kuli matenda, malo ogona palibe. Ayambe adikira kaye, mwina chaka chamawa.

Yankho silinabwere. Tsiku linapita, masiku atatu, sabata. Ndinayesa kuimba ndi kafoni kanga ka tochi, sinkalowa. Apa nthabwala inandithera. Ndinkaona nkhalamba itakhala pakhonde la nyumba imene si yakenso, adzukulu a eni akulowetsa katundu wawo, iyo itauzidwa ndi mng'ono wake kuti kwawonso kulibe malo. Ndinapita kwa a Matias, ndipo ulemu ndinausiya pakhomo panga.

“Mwapha ng'ombe zabodza, palibe amene walira kupatula ine chitsiru. Tsopano mukufuna kupha m'bale weniweni?”

“Zefa, samala pakamwa.”

“Sindisamala. Munthu uja alibe munda, alibe mkazi, alibe khomo. Inu muli ndi chiyani choti muteteze? Chitseko cha mphira?”

“Ukufuna adzandiseke?” anatero. “Zaka makumi atatu ndagwira ntchito ngati bulu. Ukudziwa iwe. Adzafika, adzayang'ana, sadzanena kanthu, ndiye kuseka kwake kumeneko.”

“Akusekeni. Koma akusekereni pano, atakhuta, ali ndi pogona.”

Anandithamangitsa. Ndinapita ndikulira, ulendo uno zenizeni, ndipo panalibe wondijambula.

M'mawa mwake ndinamva nkhwangwa kuthengo. A Matias sanapepese, sadziwa kupepesa, ndipo uthenga wobweza mawu awo sanatumize. Anangoyamba kudula mitengo. Masiku atatu anatuta nsichi paphewa, n'kulemba bwalo pansi pafupi ndi mango a amayi, n'kukumba maenje. Ndinawafunsa kuti akumanga chiyani, anati nkhokwe. Nkhokwe yokhala ndi malo a zenera sindinaionepo, koma ndinatseka pakamwa n'kupita kukamweta udzu.

Nsichi zitaima, ndinawaona atatulutsa foni. Anajambula, anakwera pachulu, chala chikuyenda chokha njira yake yakale. Kenako anakhala nthawi yaitali akuyang'ana chithunzicho mkati mwa kokonzera muja. Sindikudziwa chimene ankafuna kumatapo. Anazimitsa foni, naiika m'thumba, n'kubwerera kukamanga mapaso.

Lachinayi la sabata yotsatira, dzuwa lili paliwombo, lole ya chimanga inaima pamsewu. Panatsika nkhalamba yowonda, jekete likulendewera m'mapewa. Ndinawazindikira poyenda, chifukwa amaponda ngati malemu bambo athu. Anthu a palole anawatsitsira chikwama, kenako malata anayi akale, adzimbiri m'mphepete, omangidwa ndi waya. Ndinathamanga ngati mtsikana. Zimene tinachita pamsewupo ndi zathu.

A Matias anabwera pambuyo, akupukuta manja pa buluku. Abale awiriwo anagwirana chanza nthawi yaitali osayang'anana kumaso. Titafika pabwalo a Moisés anaima n'kuyang'ana nyumba, khola la mbuzi, mtondo, chitseko. A Matias anakonza kukhosi.

“Khola la ng'ombe linali apo, mano. Tinaphwasula chifukwa cha matenda aja. Ndiye nyumba inayo, chimphepo chitachitika, njerwa tinapereka ku—”

“Matias, nipatseni mpando.”

Atakhala pansi pa mango anamasula chikwama. Anatulutsa mahinjesi awiri ndi misomali yake, n'kupereka kwa a Matias. “Za chitseko. Mphira uja unayamba kutha chaka chatha.” Anatulutsa nsapato zakuda zachikazi n'kundipatsa ine. “Izi ni zako zako, Zefa, osati za aphunzitsi.” Pomaliza anatulutsa foni yaing'ono yong'aluka galasi, yokutidwa ndi kansalu.

“Iyi inali ya a Ilda. Nambala yanga yakale sininataye, ninapatsa iwo.”

Anaitsegula n'kuiika m'manja mwa a Matias. Ine ndinasuzumira paphewa. Munali bwalo lathu lopanda kanthu, kambirimbiri, m'chilimwe ndi m'dzinja. Munali nyumba ya udzu. Munali ng'ombe za a Ilídio zili kwawo ku Chipera, denga la sukulu lili pasukulu ndi mbendera yake. Munali ine wopanda nsapato, ndi makwinya anga onse. Munalinso ine manja kumutu, kanayi, kumbuyo kwanga nyumba ili bwinobwino, ndipo pachithunzi chachitatu ndikuoneka ndikuseka.

A Matias ankangopukusa chala, zithunzi zikudutsa, zaka zinayi zonse.

“Foni ya a Ilda ikalira, tinali kudziwa kuti Matias wayamba nchito,” anatero a Moisés. “Tikhala pansi, tiona cheni-cheni. Pakapita ola, yanga yalira, tiona manje chovala suti. A Ilda anali kukonda kulotera kuti lero zibwera ng'ombe zingati. Ngakhale pa chipatala anali kufunsa kuti alamu atuma?”

“Munkandiseka,” anatero a Matias, mawu ali pansi.

“Tinali kuseka, ee. Ya miyendo itatu ija tinaseka mpaka m'mimba kuwawa. Koma zija za malata ninali kuonetsa apongozi na alamu. Mkamwini amene kwawo kuli ng'ombe seveni samutuma-tuma. Zinanisunga zija. Izi zina sininaonetse munthu, zinali zanga. Mango ya amama ninaiona ikukula muno.”

“Nanga osanena bwanji? Zaka zonsezi?”

A Moisés anayang'ana mng'ono wawo koyamba kumaso.

“Nikanakamba, mukanaleka kutuma.”

A Eugénia, amene anali ataima pakhomo ndi madzi, anabwerera m'nyumba ngati aiwala kanthu.

“Pamene munati nisabwere, ninamvera,” anapitiriza a Moisés. “Ninamasula chikwama. Ninayamba kufunsa ku mpingo ngati pali kakhumbi kosungira mlonda. Manje tsiku lina ya a Ilda yalira.” Anatenga foniyo n'kupita pa chithunzi chomaliza. Zinali nsichi zija, zitaima mozungulira pansi pa mango, nkhwangwa itatsamira pa imodzi, malo a zenera akuoneka. “Ninayembekeza ola kuti chibwere chovala suti. Ninayembekeza mpaka mailo, kunja kwacha. Sichinabwere. Ndiye ninakwera pa kitchini yanga n'kuchotsa malata, chifukwa aja ninagula neka.”

A Matias anaimirira n'kupita kuseri kwa nyumba. Tinawasiya. Atabwerako maso ali psuu, ananyamula lata limodzi, kuliyeza ndi mkono, n'kunena kuti anayi sakwana, ndiponso a Moisés anagula malata opyapyala. A Moisés anati munthu amene denga lake linauluka popanda mphepo asaphunzitse anzake za malata. Anakangana mpaka chakudya chinapsa, ndipo ine mtima unakhala pansi.

Chakumadzulo a Matias anati tijambulitse, Elsa aone kuti atate ake aakulu afika. A Eugénia anavomera kugwira foni, poti ulendo uno sanali iwo ojambulidwa. Tinaima atatu kutsogolo kwa nsichi zija, ine pakati nditavala nsapato zanga, zimene zinandithina pang'ono koma sindinanene. A Matias analandira foni n'kuyang'ana chithunzicho. Ndinaona nkhope yawo ikuyamba kuwerengera: jekete la a Moisés long'ambika pachigongono, malata adzimbiri ali pansi, mbuzi italowerera kumbali. Anakwera pachulu, chala chikuyenda.

M'chikwama cha a Moisés foni ya a Ilda inalira.

A Matias anauma pachulupo, chala chili m'malere pamwamba pa kamuvi. A Moisés anamasula kansalu kaja mosafulumira, n'kuyang'ana chithunzicho nthawi yaitali, atachitalikitsa ndi maso monga amachitira okalamba.

“Chafika,” anatero. “Chisiyeni pamene apa. Tsikani mugwire lata, dzuwa likupita.”

A Matias anaika foni m'thumba n'kutsika.